Wotsuka Zithunzi za M'chifuwa

Bambo Abisai anatha zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda kopanda zenera pachipatala china ku Mutare, akutsuka zithunzi za m'chifuwa. Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, nayamba ndi tsache, mpaka mzungu wojambula ekisireyi anawalowetsa mumdimamo ataona kuti manja awo sanjenjemera. Ufulu utabwera mabwana anasintha, dzina la tauni linasintha, koma iwo anatsala pomwepo ndi zala zonunkha mankhwala.

Sukulu analekezera Sitandade 3, koma diso silifunsa satifiketi. Anamva madokotala akuphunzitsana kuti mtima wabwino sudutsa theka la chifuwa, basi iwo n'kumayeza ndi chikhatho chithunzi chikadali chonyowa. Anthu a ku komboni ya Sakubva ankawaimitsa panjira, n'kumawatchula agogo m'chinenero chawo: "Sekuru, mwaonamo chiyani mwa mwana wanga?" Yankho linali limodzi: "Ine ndimangotsuka, wowerenga ndi dokotala." Bodza lamkunkhuniza! Akafika kunyumba ankakhuthulira zonse akazi awo, a Esnath: uje mtima watupa, uje akungodwala mantha. A Esnath sanatulutsepo ndi limodzi lomwe.

Mu 1984 a Esnath anayamba kutupa mapazi. Pochokera kumsika, komwe ankagulitsa tomato, ankapuma katatu panjira, ndipo pogona ankachita kutsamira mapilo. Anajambulidwa Lachiwiri m'mawa. Filimu inalowa pakabowo ka pakhoma ngati mafilimu ena onse, ndipo a Abisai anaiviika okha. Ataiyang'ana pa nyale, nthiti zinaoneka bwino, pakati pali mthunzi woyera. Anatambasula chikhatho. Sichinakwane. Anayezanso, nafuna kunamizira mankhwala otsukira, koma anali atawasakaniza okha dzulo lake. Mitima yaikulu chonchi anali ataionapo, ndipo maliro a eni ake ena anakakhuza nawo.

Dokotala anali woti aone chithunzicho Lachisanu. Zimene adzanene a Abisai ankazidziwa kale: mapiritsi okodzetsa, kusiya mchere, ndi kalata ya ku Harare, komwe ankamva kuti kuli makina oonetsa mtima ukugunda. Koma kuona si kukonza. Zimenezi munthu wa m'kachipinda kaja ankazidziwa kuposa aliyense.

Anatuluka n'kupeza a Esnath pa benchi, nsapato zili m'manja chifukwa zinakana kulowanso.

"Bambo a Malita, mwaonamo chiyani?"

A Abisai anayang'ana zala zawo. Mantha anawagwira, munthu wa imvi.

"Ine ndimangotsuka, mayi. Wowerenga ndi dokotala."

A Esnath anawayang'anitsitsa. Zaka zonsezi mawu amenewo anali a anthu apanjira, m'nyumba mwawo anali asanalowepo.

"Chabwino," anatero. "Ndigwireni mkono. Tikafika mumulembere Malita kalata ku Bulawayo. Mumuuze abwere, asadikire Khirisimasi."