Mbuzi za Apongozi M'dimba Langa

Lachiwiri lapitali mbuzi za apongozi anga aakazi zinadya mpiru wonse m'dimba langa la ku Rivirivi. Kachitatu! Ndinaima pamenepo khasu lili m'manja.

Tsono inu mukudziwa, mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mkwiyo wangawo unasowa kolowera, ndiye unakagwera mkazi wanga Esinati, amene anangofunsa ngati anditungire madzi osamba. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe muno.

Pofika masana, mphasa yanga ndi jekete lomwe ndinabwera nalo ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, zinali panja. Kuchikamwini zikatero, ukwati watsala pang'ono kutha.

Ndinatsata njanji wapansi mpaka ku Nkaya kwa amalume, amene ndi ankhoswe anga. Chinandidabwitsa n'chakuti pofika pakati pa ulendo mbuzi zija ndinali nditaziiwala, koma mtima unali kuwirabe. Nanga unkawirira chiyani?

Amalume anandimvetsera akusenda mzimbe.

"Iwe, wakwiyira ndani? Mbuzi?"

"Iyayi."

"Nanga Esinati ndiye anadya mpiru?"

Sitima ya katundu inadutsa panjanji. Kenaka mawu anatuluka okha: "Zaka zisanu ndi ziwiri ndikulima pamudzi paja, madenga ndikuwafolerera, koma zanga zikaonongeka palibe wonena pepani. Ndimakhala ngati waganyu."

"Eya, zimenezo ndiye ndikanena," anatero. "Za mbuzizo ukangomanga mpanda, mwana iwe."

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikudzifunsa. N'chifukwa chiyani mkwiyo umalumpha wotilakwira n'kukagwera wotiyandikira? Kapitawo wa malimidwe akatigumulitsa mizere, timangoti "inde bwana", kenaka tikakalipira ana kunyumba. Ndipo nthawi zambiri chimene tikukalipiracho si chimene chikutipweteka. Mwina makolo anaika ankhoswe patali dala, kuti munthu uyende kaye, upume, wina akufunse mpaka upeze pamene pali bala penipeni.

Lachisanu ankhoswe a mbali zonse anakumana. Apongozi anatumiza nkhuku ndi mawu akuti sankadziwa kuti ndimamva choncho. Ndinakondwa ngati mwana, osabisa ayi.

Ndinalunjika kunyumba nkhuku ili m'khwapa, ndikuganiza kuti mlandu watha. Esinati anali pakhomo akupeta mapira, ndipo sanasunthe kuti ndilowe.

"Amayi apepesa," anatero osakweza mawu. "Nanga kwa ine, mutumanso amalume anu?"