Chitsulo Chimene Achibale Anachisiya

Okondedwa anzanga amene mwatopa, amene mwapemphera mpaka mawu kutha, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Elesi wa ku komboni ya George.

Patangopita masiku atatu mwamuna wake, Rodgers Chileshe, ataikidwa m'manda, achibale a malemu anabwera ndi kalole. Ananyamula bedi, matiresi, wailesi, mipando, wilibala, pikisi ndi fosholo. Elesi anangokhala pansi pakona atavala duku lakuda, mwana wake Luse wa zaka zisanu ndi zinayi atamugonera pamwendo. Sanatsegule pakamwa. Mkazi wamasiye akayankhula pa tsiku lotere amamunena kuti ndiye wadya mwamuna.

Kuseri kwa chitseko kunali chitsulo cholemera, chophwatalala kunsi, cha mpini wautali wa paipi. Rodgers ankakonza maenje pa phula la m'mabwalo a nyumba ndi pamalo oimikapo magalimoto, ndipo chitsulochi ankatsindira nacho miyala. Ankachitcha ba Dikoni, ati chifukwa chimatsitsa odzikuza onse.

Mkulu wake wa Rodgers, ba Sampa a ku Chingola, anachiyesa ndi dzanja limodzi n'kuchisiya.

"Ichi chingatityolele lole. Chisiyeni."

Kenako anatembenukira kwa Elesi.

"Mulamu, imwe nchito yanu ni kuphwanya miyala mumbali mwa msewu. Mwana wa Chileshe sangakule na fumbi mu chifuwa. Masukulu akatseka mu Disembala nizabwela kumutenga."

Umu munali mu Ogasiti. M'nyumba munatsala mphasa, mapoto awiri, mwana ndi chitsulo.

Elesi analibe kothawira. Agogo ake anachoka ku Ntcheu kalekale kudzafuna ntchito m'dziko lino, ndipo mudzi wobwererako iye sankaudziwa. Anabwerera pa mulu wake wa miyala, nyundo m'manja, dzuwa pamsana. Lachinayi ankapita ndithu ku Chigwirizano, koma amayi anzake akayamba nyimbo iye ankangogwedeza milomo, mawu osatuluka. Ankauza Mulungu mumtima kuti, mwatenga mwamuna, sindikufunsani chifukwa, koma mwana yekha ndisiyireni.

Chakumapeto kwa Seputembala galimoto inaima pafupi ndi mulu wake. Munatuluka ba Dyness, mwini holo ya maukwati ku Matero.

"Ndimwe akazi a ba Chileshe? Ali kuti? Phula yamene ananiikila mu Juni yatitimila kale. Mvula sinabwele na kamozi!"

"Anamwalila, mayi."

Ba Dyness anatsitsa mawu.

"Pepani maningi. Sininamve. Koma nchito ananigwilila ya boza."

Mawu amenewa anamupweteka Elesi kuposa bedi lija. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Rodgers ankagula miyala kwa iye, poyamba ngati kasitomala, kenako ngati mwamuna, ndipo chigamba chake cha phula sichinamatukepo n'kamodzi komwe. Madzulo aliwonse ankafotokoza za ntchitoyo ngati mlaliki, Elesi akuphika n'kumangovomera.

"Niloleni nikonze ine," anatero Elesi.

Ba Dyness anaseka, koma anakumbukira kuti m'chipinda chosungira katundu munatsala matumba a phula lozizira ndi chigubu cha phula lamadzi. Anati abwere Lolemba.

Pikisi ndi fosholo anabwereka kutchalitchi, zomwe zija anakwirira nazo mwamuna wake. Kondakitala wa minibasi ataona ba Dikoni anakuwa kuti, "Amai, imeneyo ni injini ya sitima, sitinyamula!" Elesi anapota nkhata, anasenza chitsulocho pamutu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Matero.

Pabwalo la holo, kuchokera pafupi ndi geti mpaka kukhoma, phula linali litalowa pansi, litang'aluka ngati khungu la ng'ona. Elesi anakumbukira zimene Rodgers ankanena. Usathire phula m'dzenje monga walipezera. Dula m'mbali molunjika, pakhale ngodya zinayi. Kumba mpaka upeze nthaka youma. Mdani wa phula si motoka, ni manzi.

Anayamba kukumba cha kugeti. Kumeneko miyala inali yothina moti pikisi inkathetheka moto. Elesi anamwetulira koyamba chiyambire maliro. Iyi ndiyo inali ntchito ya Rodgers.

Tsiku lachiwiri, chapakati, pikisi inayamba kulowa mosavuta.

Tsiku lachitatu anafika kukhoma. Kumeneko pikisi sinafunikenso. Miyala ankaitola ndi zala, yosatsindira, yongothiridwa.

Anaima n'kuyang'ana kuchokera kugeti mpaka pamene anali. Anakumbukira sabata lija la Juni, Rodgers akubwera kunyumba osafuna kudya, akunena kuti ni chimfine chabe. Tsiku loyamba Rodgers ananyamula ba Dikoni ngati mwamuna wamphamvu. Tsiku lomaliza sanathenso kuchikweza. Matenda amene anawabisira mkazi wake anali atalembedwa pansi pa phula, tsiku ndi tsiku.

Pansi pa miyalayo panali matope. Anafukula ndi manja n'kupeza paipi yakale yochokera pathanki, yosweka, ikudontha. Inali yomangidwa ndi mpira wa chubu, ndipo pamwamba pake panali chidutswa cha chitenje chabuluu. Elesi anachidziwa. Chinali chitenje chake, chimene ankamumangiramo Rodgers chakudya chamasana.

Rodgers anali atawapeza madziwo. Anangosowa mphamvu zofukula paipi yonse.

Elesi anakhala pansi m'dzenjemo, m'matope momwemo, n'kulira maliro amene sanalire pamanda. Mlonda wokalamba wa paholopo anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali.

Lachinayi m'mawa ba Dyness anabwera. Elesi anawaonetsa paipiyo n'kuwauza kuti ifunika kusintha, ndipo nthaka iume masiku anayi asanaikepo kanthu.

"Masiku anayi? Pa Chibelu nili na ukwati wa motoka makumi atatu! Paipi nizaitana munthu lelo, koma imwe valani dzenje mailo. Mukavala, nizakupatsani na bwalo ya kunyumba kwanga, nizauza na anzanga onse. Mukakana, musabwelenso."

Ankafuna dzenjelo litsekedwe mawa lake, ukwati wa Loweruka usanafike. Elesi anaganiza za Luse. Ntchito ziwiri, zitatu zotere, ndiye kuti Disembala akanakhala ndi choonetsa kwa ba Sampa. Phula latsopano limakongola ngakhale pansi pali matope. Likanakhala lakuda, losalala, mpaka ukwati kutha.

"Valani chabe pamwamba," anatero ba Dyness. "Nindani azaona vapansi?"

"Mulungu aona, mayi. Na manzi aona. Amuna anga anavala pa matope chifukwa anali kufa. Ine nilibe chifukwa."

Ba Dyness analowa m'galimoto n'kumenyetsa chitseko.

Paipi inasinthidwa tsiku lomwelo. Loweruka alendo a ukwati anaimika magalimoto kunja m'fumbi, akudandaula. Elesi anazinga dzenje ndi miyala n'kuima pomwepo kuti mwana asagweremo. Bambo wina wa suti yoyera anamufunsa mokweza kuti, "Amai, manda aya mufuna kuikamo ndani?" Anthu anaseka. Elesi anangoweramitsa mutu.

Lolemba anabweranso, ngakhale anali atauzidwa kuti asabwerenso. Mlonda uja anamutsegulira geti osafunsa. Nthaka inali itauma. Miyala anabweretsa yake, yophwanya yekha, pa wilibala yobwereka, maulendo osawerengeka. Ankathira muyezo wa zala zitatu n'kutsindira, zala zitatu n'kutsindira. Ba Dyness anamuona pazenera la ofesi koma sanatuluke.

Tsiku lachiwiri zikhatho zinatuluka matuza. Tsiku lachitatu matuza anaphulika, ndipo anamanga manja ndi nsanza. Chitsulo chikagwa pansi chinkalira du, du, du, ngati ng'oma ya kwaya, ndipo tsiku lachinayi Elesi anangozindikira kuti akuimba. Mawu aja anatayika ku Chigwirizano anawapeza m'dzenje.

Atamaliza miyala anapaka phula lamadzi m'mbali kuti chatsopano chigwirane ndi chakale, anathira phula la m'matumba pang'onopang'ono, anatsindira, n'kuwaza fumbi la miyala pamwamba kuti matayala asamatire. Chidutswa cha chitenje anachichapa n'kuchiika m'Baibulo lake.

Mukuganiza kuti apa ndiye madalitso anagwa ngati mvula? Ayi. Ba Dyness anasunga mawu awo. Bwalo la kunyumba kwawo anapatsa wina. Okutobala yense anatha Elesi ali pa mulu wa miyala, nyundo ikumuvuta kugwira chifukwa cha zilonda.

Tsiku lina akudya, Luse anafunsa kuti, "Amai, ku Chingola muzabwela kuniona?"

Elesi anatuluka panja ngati akukatunga madzi, ndowa osatenga. Sabata lomwelo anayamba kuchapa zovala za mwanayo n'kumazipinda m'chikwama, chimodzi lero, china mawa, kuti tsikulo lisadzamupeze modzidzimutsa.

Mvula inagwa pakati pa Novembala, yamphamvu masiku atatu. Ku George madzi analowa m'nyumba, Elesi anagoneka mwana pamwamba pa njerwa. Ku Matero zigamba za phula zinamatuka paliponse ngati nkhanambo. Pabwalo la kasukulu koyandikana ndi holo panatseguka maenje oti mbuzi ingasambemo. Koma paholo madzi anangodutsa pamwamba n'kupita ku ngalande.

Mwini kasukuluko anafunsa mlonda uja kuti ndi kampani iti inakonza.

"Kampani yake ni mzimai umozi na chitsulo," anayankha mlonda. "Pitani ku George, mufunse amake Luse."

Inabwera ntchito ya pasukulu, kenako ya pagalaja, kenako bwalo la nyumba ina ku Kabanana. Elesi ankagwira masiku a dzuwa okha. Kukagwa mvula ankafunditsa dzenje ndi pulasitiki n'kudikira, ngakhale eni ake akwiye.

Masukulu atatseka, ba Sampa anafika. Anapeza chitseko chokhoma, ndipo oyandikana nawo anawalozera ku galaja ija. Anamupeza Elesi ali m'dzenje, nsanza m'manja, Luse atakhala pamthunzi ndi buku. Mwana atawaona anaimirira n'kuthawira kumbuyo kwa mayi ake.

"Mulamu, nabwela monga ninakamba."

"Nakuonani, ba Sampa. Chola chake chili kunyumba, napinda kale vonse. Koma mukalibe kumutenga, nipempha mutsindile pano kamozi chabe."

Ba Sampa anagwira mpini. Anali munthu wa m'migodi, wodziwa kulemera kwa chitsulo. Anachikweza ndi manja awiri n'kuchigwetsa. Anachikwezanso. Kachitatu anaima. Pampinipo panali malo awiri osalala, onyezimira, pomwe zikhatho za mng'ono wawo zinadya chitsulo kwa zaka zambiri. M'munsi mwake munali madontho akuda a magazi ouma.

"Ichi mumanyamula kangati pa siku?"

"Siniwelenga."

Elesi anawauza za dzenje la paholo, za miyala yothina kugeti ndi yosatsindira kukhoma, ndi za chitenje chija. Ba Sampa anakhala pa chigubu n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Rodgers sananiuze kuti adwala," anatero. "Ine ninabwela chabe na lole."

Sanapepese, ndipo za bedi sanatchule. Anapukuta m'maso n'kumuitana Luse, anamugwira pamutu.

"Mwana akhale, mulamu. Nyumba yamene imanyamula ichi chinthu siingagwe."

Anakwera basi ya ku Chingola okha.

Madzulo ake Elesi anatulutsa zovala m'chikwama chimodzichimodzi, monga anaziikira, Luse akumulandira.

Lero Elesi amagwira ntchito ndi amayi ena awiri amasiye. Pa ntchito zazikulu amabwereka makina otsindira, koma m'makona momwe makina safika, ba Dikoni ndi amene amalowamo. Zala zake sizipindikanso bwino, ndipo nyengo yozizira Luse ndi amene amamumangira duku. Bedi lija silinabwerere. Juni akafika, Elesi amakhala wosayankhula.

Okondedwa, Mulungu sanamubwezere Elesi zonse zimene anataya, ndipo sindikunamizani kuti inu adzakubwezerani zonse. Koma Iye amene amaweruzira amasiye anaona zapansi pa phula, ndipo akuona zapansi pa moyo wanu. Ngati muli m'dzenje lero, anthu akuseka, musafulumire kutseka pamwamba kuti muoneke bwino. Fukulani mpaka mupeze podontha, dikirani paume, tsindirani zala zitatu, mawa zala zitatu. Yang'ananinso kuseri kwa chitseko chanu. Mwina chimene anakusiyirani chifukwa n'cholemera ndicho chidzasunge mwana wanu pakhomo.

Osataya mtima. Chinyamuleni.