Swichi ya Lole Imene Ndinaika M'galimoto ya Ansembe

Ndine munthu amene ndinakonza chinthu chimene sindinkadziwa ntchito yake, ndipo nditafunsidwa ndinakana. Inu owerenga, zaka zapita zambiri koma mutu wanga umaimabe ndikakumbukira tsiku limenelo.

Anali masiku a Chitaganya. Ndinkagwira ntchito ya udalaivala pa mishoni ina kufupi ndi Balaka, ndipo ndinkayenda modzimva ngati msewu wonse ndi wa malume anga. Galimoto yake inali yaing'ono yakuda, imene wansembe wina wachizungu anabwera nayo kuchokera kwawo. Iye atakalamba n'kubwerera, anaisiyira bambo mfumu athu achikuda, munthu wofatsa amene za magalimoto sankazidziwa ngakhale pang'ono. Chilichonse chokhudza galimotoyo ankangoti ndikudziwa ndine, ine n'kumavomera.

Pa bolodi la kutsogolo, pansi pa mawotchi, panali kachitsulo kopotokola kamene mzungu uja sindinamuonepo akukakhudza. Tsiku lina ndikupukuta fumbi, chidwi chinandipweteka. Ndinakapotokola, kanali kolimba, ndinawonjezera mphamvu, basi kanathyokera m'manja mwanga. M'malo mokanena, ndinapita kugalaja ya mmwenye wina ku Balaka, kumene mnzanga anandizulira swichi ya nyali pa lole yakufa. Nditamasula bolodi ndinapeza mawaya awiri, pamene swichi yanga inali ndi mano atatu. Ndinayang'ana, ndinatembenuza, mapeto ake ndinamanga mawaya onse pa dzino limodzi kuti asalendewere, n'kutseka. Pamaso pankaoneka bwino kuposa kale, ndipo ndinadziyamikira kuti ndine makaniko.

M'mawa mwake kunafika munthu wa panjinga kuchokera cha ku Nsanama, kwawo kwa mkazi wanga. Anati apongozi anga aamuna atsala madzi amodzi ndipo akuitana ansembe. Mkuluyu anakhala zaka zambiri osalandira Ukalistia chifukwa anakwatira mitala. Mkazi wachiwiriyo anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo chimene anatsala nacho mumtima chinali chimodzi, kulapa ndi kudzozedwa mafuta asanatseke maso. Mkazi wanga anali kale komweko kudwazika matenda. Bambo mfumu anatenga kachikwama kawo tinanyamuka.

Nditangoliza injini ndinamva kaphokoso kachilendo kuseri kwa bolodi, ngati njuchi yalowa m'botolo. Ndinangoponda mafuta. Titayenda pang'ono, mphepo yotentha inayamba kundiwomba m'miyendo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene mumadziwa dzuwa la ku Balaka mukumvetsa. Ndinakweza swichi ija, ndinaitsitsa, palibe chinasintha. Mphepo inkangowonjezera ukali mpaka mkanjo wa bambo mfumu unanyowa ndi thukuta.

M'nzeru zanga zonse, galimoto ikatulutsa moto ndiye kuti injini ikupsa. Ndinaima, n'kudikira kuti izizire, chifukwa chitsekerero cha rediyeta sutsegula ikadali yotentha. Nditatsegula ndinapeza madzi ali odzaza. Singano ya pa wotchi nayonso inali pakati, malo ake a masiku onse. Apa ndiye ndinasokonezeka kwenikweni: injini ikuti ndili bwino, miyendo yanga ikuti tikupsa. Ndinakapempha madzi kwa amayi ena pa chitsime, iwo ataima pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo ndinawathira pamwamba pa injini iwo akuonerera madzi awo akutayikira m'fumbi.

Tinaima chotero katatu tisanafike ku Liwonde. Ulendo wachitatu bambo mfumu anasiya kolona yawo n'kundiyang'ana.

“Kodi pali chimene mwakhudza pa galimotoyi masiku ano?”

“Iyayi bambo, ine sindinakhudze kanthu.”

Ndinayankha choncho maso ali pa swichi ya lole, imene inali pamphuno pawo penipeni. Iwo anangoti chabwino, tiyeni tizipita mmene Mulungu angatilolere. Zoona zake ndinkakayika ngati swichi ndi kutenthako zinali pachibale, komabe mtima unkandiuza kuti dzulo kunalibe zimenezi. Ndinaopa kuti ndikaulula ndichotsedwa ntchito, ndipo anthu adziwa kuti udalaivala wanga unkathera pa chiwongolero. Manyazi anapha lambe, akulu sananame.

Pa Shire tinapeza pantoni yowolotsa magalimoto itangonyamuka kumene, ndipo inakakhalitsa tsidya linalo kudikira malole. Titawoloka ndinkayendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira, poopa kuti galimoto ya mishoni ingayake. Ulendo woyenera kufika dzuwa lisanafike pamutu tinaufika litapendeka. Tikukhota kulowa m'mudzi tinamva amayi akulira.

Mkazi wanga anatuluka m'nyumba, anagwada kupereka moni kwa bambo mfumu, kenako anatembenukira kwa ine. Sanakalipe. Anangoti, “Atate ake a Malita, bambo anga anafunsa katatu ngati kukumveka galimoto. Kachitatu tinawanamiza kuti ikumveka, anapempha kuti tiwakhazike tsonga.”

Bambo mfumu anapempherera mtembo ndipo anatonthoza anthu kuti Mulungu amaona chimene munthu anafuna. Pamaliro anthu ankanong'onezana. Ena ankati mzimu wa mkazi wachiwiri uja ndi umene unatseka njira, ena ankati mkuluyo anali ndi tchimo lina lobisika n'chifukwa chake galimoto ya ansembe inatentha thupi. Ine ndinali pomwepo, mkamwini wolemekezeka, ndikumva dzina la apongozi anga likudetsedwa, ndipo ndinangozyolika.

Patapita masiku, bambo wina wa ku Kasupe amene anayendetsa magalimoto a asilikali pa nthawi ya nkhondo anasuzumira pansi pa bolodi n'kuseka mpaka misozi. Anati kuseriko kuli kachipangizo kopemerera mphepo yofunda, ka kumayiko ozizira, ndipo kachitsulo ndinathyola kaja ndi kamene kamakazimitsa. Ine ndinali nditakalumikiza kuti kaziyaka osaleka. Anazula waya umodzi ndi zala ziwiri, phokoso linatha pomwepo. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu angamange bwanji mbaula m'galimoto mwadala, koma injini ija sinadwalepo ngakhale pang'ono.

Ndinakalapa kwa bambo mfumu omwewo. Ntchito sanandichotse, koma anandilamula kuti ndikanene zoona kumudzi kuja. Ndinakanena pamaso pa apongozi anga aakazi ndi abale onse, ndipo ena sanakhulupirire, chifukwa nkhani ya mizimu inali itakoma kale m'makutu mwawo. Mkazi wanga anakhulupirira, ndipo anatha mwezi wathunthu akundipatsa madzi osamba osandiyang'ana kumaso.

Inu owerenga, makamaka inu ogwira zipangizo za eni, chinthu chimene simukuchidziwa musachikonze mobisa. Mukathyola nenani kuti ndathyola, mukafunsidwa musakane. Tikanangotsegula mawindo n'kupirira kutenthako, tikanafika nthawi yabwino. Ine ndinasunga ntchito yanga, koma mkulu uja anafa atakhala tsonga, maso ali kumsewu.