Kabudula wakuda wa alamu anga a Eliya

Alamu anga a Eliya Sakala anapalasa njinga zaka makumi awiri ndi zitatu pa kampani ina yopanga zitini ku Willowvale, ndipo sanagonepo tsiku lathunthu ngakhale ndi chimfine. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu a ku Kambuzuma ali ndi pakamwa. Ena mpaka lero amati anawalodza, ena amati anali ndi mkazi wina ku Mbare, dera la msika waukulu, amene anawapatsa nthenda. Mabodza okhaokha. Ine Febbie, mng'ono wa akazi awo, ndinalipo, ndipo chimene chinawagwetsa ndikuchidziwa.

Anachoka ku Katete kubwera ku dziko la Ashona lino mu 1960 ali mnyamata, atanyamula bulangete limodzi ndi kalata ya mpingo. Ntchito yoyamba imene anaipeza ndi yomweyo anakalamba nayo, ya umesenjala. Kawiri pa tsiku ankanyamula makalata a kampani kupita nawo ku positi ndi ku banki m'tauni, n'kubwerera ndi ena. Njinga yawo inali yakuda, yolemera, ya dengu la waya kutsogolo. Ankaipalasa atawongoka msana, atavala yunifolomu ya khaki, akupereka moni kwa aliyense kuyambira pageti mpaka m'tauni. Ndinkawaseka kuti sapalasa njinga koma amayendetsa msonkhano.

Pamodzi ndi ntchitoyo kampani inawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri ku Kambuzuma. Kwa ife obwera, nyumba imeneyo ndiyo inali mudzi wathu. Mshona akachotsedwa ntchito amakwera basi n'kukalima kwawo. Nanga iwo akadapita kuti? Ku Katete munda wa makolo abale anagawana kalekale, ndipo ana awo, Annet ndi Eneles, Chichewa chawo chinali cha "inde" ndi "ayi" basi.

Mu 1983, ufulu wa dziko lino uli ndi zaka zitatu, ku ofesi kunabwera bwana watsopano, a Albert, wachinyamata wophunzira kunja. Sanali munthu wankhanza, koma ankapembedza nthawi. Anawaitana alamu n'kuwauza kuti ulendo wa m'tauni ukuwatengera maola awiri, pamene njinga yamoto ingathe kuutha m'mphindi makumi anayi. Anawapatsa mwezi wa Okutobala wonse. Akamapita ndi kubwera mu ola limodzi ndi theka, ntchito ikhalabe yawo. Akalephera, kampani igula njinga yamoto n'kulemba munthu wa laisensi. Za nyumba sanatchule, koma aliyense ankadziwa kuti kiyi imatsata ntchito.

Sabata yomweyo azungu amene achemwali anga a Loyce, akazi a Eliya, ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ankasamukira ku Joni, monga ambiri ankachitira nthawi imeneyo. Bwana wa m'nyumbamo ankachita mpikisano wa njinga, ndipo atamva za vuto la a Eliya anapereka katoni ya zinthu zake. Munali wotchi ya manambala yokhala ndi kabatani, ukadina imayamba kuwerenga mphindi, ukadinanso imaima. Munali kabudula wakuda waubweya, wothina, wosokeredwa chikopa chachikasu pokhalira, chofewa ngati khutu la mbuzi. Munalinso kachitini ka mafuta oyera. Mzunguyo anali pakalapakala ndi masutikesi, sanafotokoze kanthu. Mafutawo achemwali anaganiza kuti ndi a ming'alu ya kumapazi, ndipo zidendene zawo zinasalala bwino chaka chimenecho.

Alamu anamuyang'ana kabudulayo nthawi yayitali. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mkulu wa mpingo, sakadayenda m'tauni ntchafu zili pamtunda. Choncho anavala kabudula wamkati monga mwa masiku onse, pamwamba pake wa mzunguyo, pamwamba pakenso thalauza la khaki. Zovala zitatu, mu dzuwa la Okutobala.

Tsopano ndinene za achemwali anga. A Loyce ankasita chilichonse. Masokosi, matewera, ngakhale kansalu kopukutira mbale. Kuno chovala chikayanikidwa panja pali ntchentche zimene zimaikirapo mazira, ndipo ukachivala chosasita mphutsi zimakulowa pakhungu. Mayi aliyense amadziwa zimenezi, koma iwo anazitenga ngati lamulo lakhumi ndi chimodzi. Azungu atatu anawalembera makalata oyamikira kasitidwe kawo, ndipo makalatawo ankawasunga m'Baibulo. Ndiye madzulo alionse ankachapa kabudula uja ndi sopo wobiriwira, m'mawa mwake ankamusita asanavalidwe, Lamlungu n'kumuyanika padzuwa tsiku lonse. Ankamutembenuza n'kukanikiza simbi pachikopa penipeni kuti pasatsale dzira ngakhale limodzi. Pomatha sabata chikopa chija chinali chitauma gwaa, chili ndi mizere yokwinyika.

Alamu anaganiza kuti ndi mmene chimakhalira. Zinthu za azungu za mpikisano, ndani angazidziwe? Ankadina wotchi pageti, n'kuwerama pahandulo. Moni unatha. Tsiku loyamba anatenga ola ndi mphindi makumi anayi ndi imodzi, lachitatu makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, Lachisanu anatsika pansi pa ola ndi theka. Ankabwera kunyumba n'kuonetsa ana manambalawo, nkhope ili ngwee.

Sabata yachiwiri anayamba kupalasa ataimirira pa mapedulo. Anyamata a m'mashopu ankawaimbira mluzu, akumati mudhara, ndiye kuti mdala, wasanduka wampikisano. Kunyumba ankadya ataimirira, akuti kukhala kumalemeretsa miyendo. Ankagona pamphasa okha, akuti pabedi pakutentha. M'tchalitchi ankakhala chammbali ngati benchi ili ndi msomali. Makabudula amkati ankakawataya kuchimbudzi cha kufakitale n'kugula ena, kuti akazi awo asaone magazi ndi mafinya. Ankadziwa kuti a Loyce akaona awatsekera m'nyumba, ndipo tsiku limodzi lojomba likadatha zonse.

Kukiliniki ya ku Kambuzuma sakadapitako. Namwino wa kumeneko anali mwana wa mkulu mnzawo wa mpingo, mtsikana amene anamunyamulapo ali khanda. Akadamuvulira bwanji thalauza?

Panatsala munthu mmodzi yekha amene akadamuuza, ndipo munthuyo ndine. Kwathu mlamu ndi wosereula naye. Zimene mwamuna sanganene kwa mpongozi kapena kwa mwana wake, kwa mlamu amazinena mwanthabwala ndipo palibe amakwiya. Komanso ine ndinkakolopa kuchipatala chachikulu, ndiye kwa iwo ndinali theka la dokotala.

Lamlungu lachitatu masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthira oyilo tcheni, atawerama osagwada.

"Mlamu," anatero osandiyang'ana, "chishalo chandiluma kumene sikutchulidwa."

"Chishalo, alamu? Kapena wina wa ku Mbare wakulumani?"

Anaseka. Ndinasekanso, mokweza, monga ndimachitira.

"Kuchipatala kwanuko mulibe kamankhwala ka chithupsa? Kongopaka, kopanda kuonana ndi munthu."

"Bwerani mudzavule pamaso pa manesi," ndinatero, "atsikana aja aone chimene achemwali anga akhala akubisa zaka zonsezi."

Anasekanso, koma thukuta linali likutsika m'khosi, ndipo tinali pamthunzi. Ndinaliona thukutalo. Ndinaliona ndithu, koma ndinali nditakomedwa ndi nthabwala yanga, ndinalowa m'nyumba kukamwa tiyi. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo anachitsekula pang'ono, ine n'kuchimenyetsa. Chimandiwawa mpaka lero. Ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anali akuyanika zovala kuseri kwa mpanda, anamva mawu akuti Mbare, n'kuwatenga. Bodza lija ndinalitchula poyamba linabadwa pakamwa panga.

Anagwa kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, Lachinayi masana, pamsewu wodutsa ku Rugare pafupi ndi njanji. Mayi wogulitsa matimati amene anawaona anati sanagundidwe ndi kanthu, njinga inangoyamba kuyenda mokhotakhota kenako n'kugona. Thupi linali moto. Chikwama cha makalata anachikumbatira mwakuti anthu awiri analephera kuwalanda.

Ndinali kukolopa wodi ya amuna pamene namwino anandiitana kuti ndikamasulire munthu wobwebweta chilankhulo chathu. Ndinapeza ndi alamu anga, akufunsa kuti nthawi yakwana bwanji, akupempha kuti wina awauze a Albert kuti afika posachedwa. Atawadula zovala ndi sizasi, fungo linadzaza chipinda. Sindifotokoza zimene ndinaona. Chithupsa chinali chitaphulikira mkati, ndipo mnofu wa pakati pa miyendo unali utayamba kuda.

Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo. M'mawa mwake dokotala, mzungu wachikulire woonda, anabwera pabedi atanyamula kabudula uja, amene manesi anachita kumuvula osamudula chifukwa ankatamuka. Anagogoda chikopacho ndi chala, chinalira ngati chitseko.

"Ndani wasita ichi?" anafunsa m'Chingerezi, ine n'kumasulira.

Dokotalayo anati nayenso ankapalasa njinga ali mnyamata. Chikopa chotere sichifuna simbi kapena dzuwa, chimachapidwa ndi manja, n'kuuma pamthunzi, n'kupakidwa mafuta ake kuti chifewe. Ndipo chimayenera kukhudza khungu, popanda chovala china mkati. Chikauma chotere chimacheka munthu pang'onopang'ono, thukuta n'kulowa m'mabalamo. Anati akadabwera chithupsa chitangoyamba, akadangochiboola n'kuwapatsa mapiritsi a masiku asanu. Tsopano achotsa mnofu wambiri, ndipo pachishalo asadzakhalenso.

Ndinamasulira zonse. Pamene ndinafika pa masiku asanu aja ndinalephera kuwayang'ana alamu. Dokotala atachoka anandigwira dzanja.

"Mlamu, za simbi izi zithere pano."

"Alamu, anthu ayamba kale kulankhula. Akuti ndi nthenda ya akazi. Achemwali amva."

"Alekeni alankhule. Mayi a Annet ali ndi chinthu chimodzi chimene amanyadira pa dziko lino. Nyumba yapita. Ndiwalandenso chimenecho?"

Ndinayamba kupepesa za Lamlungu lija, koma anatseka maso n'kunena kuti ndiwabweretsere madzi.

A Albert anabwera ndi malalanje, anakhala mphindi khumi, anapepesa kwambiri. Njinga yamoto inali itagulidwa kale. Nyumba anawalola kukhalamo mpaka kumapeto kwa Disembala, ndipo njinga yakale anati angoitenga. Achemwali anandikokera pakhonde la chipatala n'kundifunsa maso ali gwa: "Febbie, usandinamize. Adokotala ati chiyani?" Ndinati ndi chishalo ndi kutentha, basi. Anandiyang'ana nthawi yayitali. Sindikudziwa ngati anakhulupirira, koma kuyambira tsikulo dzina la Mbare silinatchulidwenso m'nyumba mwawo, ngakhale pokamba za msika.

Mnzawo wina wa ku Tete, a Custodio, anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yawo ku Epworth, ndipo tinamangako chipinda chimodzi cha zidina. Kumeneko ndi kumene a Eliya anakhala zaka zawo zotsala, akugulitsa makala. Matumba ankawamanga pa njinga ija n'kumaikankha, akuyenda motang'aza pang'ono. Moni unabwerera, ankaupereka kwa aliyense. Wotchi sanaivule, koma kabatani kaja sanakadinenso.

Ndanena zonsezi tsopano chifukwa onse awiri anapita, ndipo Annet anandifunsa ngati n'zoona zimene anthu amanena za bambo ake. Koma chimene sindichiiwala ndi tsiku losamuka ku Kambuzuma. Katundu anali atakwera kale lole, m'nyumba mutatsala tebulo ndi simbi. Achemwali anati ku Epworth kulibe magetsi, ndiye asitiretu zonse. Anasita malaya, anasita madiresi a ana. Kenako anatulutsa kabudula wakuda uja, amene anakamutenga okha kuchipatala n'kumuchapa katatu. Anamutembenuza, anamuyala, n'kukanikiza simbi pachikopa ndi manja awiri. Kafungo ka chikopa chopserera kanadzaza chipinda.

Alamu anali ataimirira pakhomo, poti kukhala kunali kukadawavuta. Anandiyang'ana kamodzi, ine ndinayang'ana pansi.

"Adokotala si Mulungu, bambo a Annet," achemwali anatero akumupinda bwinobwino. "Mukachira mudzamuvalanso. Onani, ndakusungirani bwino."

Alamu anamulandira ndi manja awiri.

"Mwachita bwino, mayi a Annet," anatero. "Palibe amasita ngati inu."