Dzina Limene Ndinafufuta pa Kaseti ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mgodi unagulitsidwa, bambo anga n'kuchotsedwa ntchito ya ukalaliki. Tinasamuka ku Nkana East kupita ku Ndeke, katundu wambiri n'kugulitsa, koma chinthu chimodzi bambo anakanitsitsa kuchitaya: kakompyuta kakale kamene anawasiyira injiniya wina pobwerera kwawo. Kanalibe galasi lakelake. Ankakalumikiza ndi chingwe kuseri kwa TV, pobayira eriyo, n'kumapotokola kabatani pang'onopang'ono mpaka mchenga wa pagalasi utatha, zilembo n'kutulukira. Ine ndinkangoti kukamwa yasa. TV yomwe inkationetsa apulezidenti inali kumvera zala za bambo anga.

Popeza ntchito panalibe, masana onse ankalembamo mayina a makolo athu a ku Dowa, amene anawamva kwa agogo anga asanamwalire. Kompyutayo inkasunga zolemba pa kaseti wamba, yonga ya nyimbo. Zimenezi ine sindinkazidziwa.

Loweruka lina ndinaipeza kaseti ija n'kuiika m'wailesi. Munali kulira kokhakokha, ngati nkhululu. Ine, wanzeru zanga, ndinati yafa iyi, n'kujambuliramo nyimbo za rumba. Ndinavina mpaka thukuta kamukamu.

Bambo atazindikira, ndinadikira lamba. Sanandimenye, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa lamba.

"Unafunsa ndani?" anatero motsitsa mawu.

"Inali kupanga chabe noizi, adadi."

"Noizi kuli iwe. Nkhala apa. Ika TV pa tchanelo sate-sikisi, uzalemba wekha."

Chilango changa chinatenga masabata awiri: iwo akutchula, ine ndikusakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Mayina onse anabwerera kupatula limodzi, la mayi amene anabereka agogo anga aamuna. Bambo anagwira mutu, anayenda mpaka kumpanda n'kubwerako, dzina osabwera. Woti n'kumufunsa panalibe, onse anali atapita.

"Siya mpata," anatero. Ndinasiya.

Chaka chatha, bambo atamwalira, ndinakapeza kakompyutako m'sutikesi mwawo, pamodzi ndi kaseti imene tinasungiramo mayina aja titawalembanso. TV ya kunyumba kwanga ku Northrise ndi yopyapyala, yopachika pakhoma, ilibe n'chopotokola chomwe. Wokonza mawailesi wina wa mumsika anandiseka poona kukalamba kwake.

"Amai, ichi ni cha kudala maningi."

Komabe anandipezera kabokosi kolumikizira chingwe chakale ndi chatsopano. Kaseti inalira kulira kuja kwa mphindi zingapo. Kenako mayina anayamba kutsika pakhoma, akuluakulu, m'mbali mwake muli manomano, zolakwitsa za chala changa chaubwana zili momwemo. Anthu amene sanaonepo ngakhale babu anali atafika pabalaza panga, mmodzimmodzi, mwa dongosolo la kubadwa kwawo.

Mwana wanga wamkazi analoza mpata uja.

"Apa bwanji palibe, mami?"

Ndinamuuza zoona, manyazi andigwira ngati ndachita dzulo.

Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake bambo sanandimenye. Chaka chomwecho anthu osawadziwa anali atafufuta dzina lawo kumgodi osawafunsa, ndipo sanafune kuti mwana wawo akule ndi dzanja lotero. Ndinaphunzira kufunsa ndisanataye chimene sindikuchimvetsa. Koma dzina la mayi uja silinabwererenso, ndipo amene analifufuta ndine.