Kapaipi Kodulidwa Mopendekeka

Inu amene mukuti zinthu zakukanikani, tamvani za mayi wina wamasiye.

Malemu mwamuna wake anamusiyira ana awiri ndi printa ya patebulo, ija imasungunula ulusi wa pulasitiki n'kuumba mabatani. Patangotha sabata, printa inayamba kulira kuti ulusi watha, chonsecho ulusi ulipo wambirimbiri. Kapaipi kodutsamo ulusi kanali katapsa kunsonga, ndipo sensa, yomwe imamva ulusi ukatha, inali itafa.

Mlamu wake analawirira m'mamawa.

"Mlamu, ichi n'chitsulo chakufa basi. Ndapeza wogula, tibwera masana. Inu ndi makina zikugwirizana pati?"

Mlamu atachoka, mayiyo anayang'ana printa ija. Printa ikapita, ana adya chiyani? Iye sukulu anaisiyira panjira, ndipo malemu sankamulola ngakhale kuipukuta fumbi.

M'kabati ya malemu anapezamo kapaipi katsopano ndi sensa ina. Anazimitsa makina, nadina kamphete kogwira kapaipi kakale, n'kukasolola. Sensa anaimanga bwinobwino, muvi wojambulidwa pa sensayo ukuloza kumene ulusi umapita. Kenako anakumbukira kuti malemu ankadula ulusi mopendekeka kuti ulowe msanga. Naye anadula kapaipi chimodzimodzi.

Apo ndiye anaphonya. Kapaipi kamafuna kudulidwa mowongoka kuti kasasiye mpata pamene pulasitiki imasungunukira. Atayatsa, pulasitiki inatayikira m'mbali, fungo lakupsa n'kudzaza chipinda.

"Mayo ine, ndapha makina!"

Analira, inde, koma akulira choncho anapala pulasitiki yotayikayo isanaume. Atayerekeza kapaipi katsopano ndi kakale, anapeza kuti katsopanoko n'kotalikirapo pang'ono chabe, ngati chikhadabo. Akalakwitsanso, basi zathera pomwepo.

Panja galimoto inaliza hutala.

"Mlamu, tsegulani!"

"Dikirani kaye, alamu, ndili pa ntchito."

Mawu anatuluka olimba. Anagoneka kapaipi pathabwa, anatenga lezala, n'kudula kamodzi, mowongoka. Anakakankha mpaka kanagunda.

Pamene ankatsegula chitseko, batani loyamba linali likuumbika. Wogula uja anasuzumira, n'kucheukira mlamuyo.

"Akulu, chakufa chija n'chimenechi?"

Mlamu anangokanda mutu. Printa sinatuluke m'nyumbamo, ndipo ana akudyera momwemo.

Musaganize kuti mantha anamuthera. Mpaka lero amaopa akagwira lezala, koma amadulabe. Nanunso mwalakwitsa kamodzi? Yezani chimene chatsala, mudulenso. Musataye mtima.