Chaka Chimene Nilza Anasiya Agronomiya

Nilza anabadwira ku Ntengo-Wambalame, m'banja la a Belmiro ndi a Palmira, alimi a chimanga ndi kachewere amene anali ndi kakhola ka ng'ombe kuseri kwa nyumba. Kuyambira ali wamng'ono anali ndi khalidwe lina lodabwitsa. Pakaphedwa mbuzi, ana anzake ankazungulira moto kudikira kanyama kootcha, koma iye ankanjuta pambali pa beseni la zam'mimba, kutambasula matumbo ndi kufunsa kuti ndulu imagwira ntchito yanji. A Palmira ankamuthamangitsa kuti mwana wamkazi asamakhale ngati fisi. A Belmiro ankangoseka n'kumubwereka mpeni.

Choncho palibe anadabwa pamene anamaliza desima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, n'kunena kuti akufuna medisina, maphunziro a udokotala. Mayeso olowera analemba, koma malo anali ochepa pamene ofuna anali ngati nyerere. Anatsala pang'ono kulowa, koma malo sanawapeze. Dzina lake linatulukira ku agronomiya, maphunziro a zaulimi, pa univesidadi ya ku Ulongwe, kufupi ndi kwawo. Analira kuseri kwa nkhokwe mpaka maso kutupa, kenako anachapa zovala zake n'kupita.

Chimene iye mwini sanayembekezere n'chakuti agronomiya anaikonda. Kunali mphunzitsi wina, a Quintino, munthu wamfupi wadazi amene ankanunkhiza dothi asananene kanthu za munda. Iwo ataona kuti mtsikanayu ali ndi diso, anamupatsa chigawo m'munda woyesera mbewu, kuti aziyang'anira mitundu ya kachewere yopirira ku chiwawu, matenda aja owauma masamba nthawi yamvula. Loweruka Nilza ankakwera mota, njinga yamoto ija, kupita kwawo atanyamula timbewu m'kathumba, ndipo iye ndi bambo ake ankakangana pamzere ngati alimi awiri ofanana msinkhu. A Belmiro anayamba kumutchula kuti injinyeira, katswiri wa zaulimi, digiri isanabwere n'komwe.

Zinthu zinatembenuka pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka chachiwiri. Azakhali ake, a Verónica, amene ankagulitsa nyemba ndi tomato pamsika wa ku Furancungo, anali ndi chilonda pamwendo chimene sichinkapola. Nilza anatumidwa kuti akawathandize pabenchi ndi kuwaperekeza kuchipatala.

Kuchipatalako anapezako dokotala wachitsikana, a Anabela, wochokera kutali kunyanja yamchere, amene anali atangofika kumene ndipo Chichewa ankangodziwa moni. Namwino amene ankawamasulira anali atapita kumidzi ndi anthu a katemera. Nilza anamasulira za azakhali ake, ndipo atamaliza dokotala uja anamufunsa m'Chipwitikizi ngati angatsaleko pang'ono, poti pakhonde panali podzaza.

Anatsala. Anamasulira za mayi wachifuwa, za mwana wotsegula m'mimba, za agogo amene ankati mutu ukuwalira ngati chigayo. Dzuwa lili pamutu kunamveka mota ikulira pabwalo. Inabwera ndi bambo wina mlimi wa fodya, atamumangirira kumsana kwa woyendetsa ndi nsalu. Ngolo inali itamugubuduza, phewa litachoka m'malo mwake, mkono ukungolendewera. Bambo wamkulu ndithu, wandevu, koma ankabuula ngati mwana.

A Anabela sanachite phuma. Anapapasa phewalo, anamugwira zala kuti aone ngati zikumva, anamubaya jakisoni, kenako anamugoneka pabedi.

"Muuze kuti ayang'ane iwe, asayang'ane ine," anatero. "Uzimulankhulitsa. Chilichonse."

Nilza anagwada kumutu kwa bediyo. "Bambo, fodya wanu chaka chino ali bwanji?"

"Mayi, ndikufa ine."

"Simukufa. Mwabzala maekitala angati? Pumani pang'onopang'ono, mundiuze."

Bamboyo anayamba kufotokoza za nazale yake mokakamizika, mano ali gwa. Pakona ya diso Nilza ankaona manja a dokotala akukoka mkonowo modekha, kuutembenuza pang'ono, kudikira, kuutembenuzanso. Kenako panamveka kuti khu, ngati chitseko chalowa m'malo mwake. Bambo uja anasiya kubuula pakati pa mawu. Anaphethira, anayang'ana phewa lake, n'kupempha madzi akumwa.

Nilza anatuluka panja. Anaseka yekha atatsamira khoma, mtima ukugunda ngati wathamanga mtunda.

A Anabela anamupeza pomwepo. "Ukuphunzira chiyani iwe?"

"Agronomiya, dotora. Medisina ndinalephera kulowa."

"Unalephera kamodzi. Mayeso amalembedwa chaka chilichonse, ndipo kimika ndi biyolojiya wazidya kale zaka ziwiri. Koma usamve kukoma lero lokha. Ukakalowa ukayambiranso pansi, zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo masiku ambiri muno anthu satuluka akuseka."

Tchuthi chonsecho Nilza ankayala nyemba za azakhali ake m'mamawa n'kuthamangira kuchipatala. Anaonadi masiku oipa. Anaona mwana amene anabwera naye mochedwa akumwalira, ndipo ndi iye amene anamasulira mawu a dokotala kwa mayi wake. Tsiku limenelo sanadye. Koma kutacha miyendo inamutengeranso komweko. A Verónica, amene chilonda chawo chinali chitayamba kuuma, anamuuza kuti, "Iwe unabwera kudzadwazika ine kapena Furancungo yense?"

Pobwerera, shapa, minibasi ija, inkadumpha m'mabampu a msewu wafumbi, anthu akudandaula, iye ali phee kumwetulira pawindo. M'mutu mwake anali atafika kale ku Tete, kumene kuli sukulu ya medisina.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe ndi nthungululu. Anainena masana ali pakhonde kusankha mbewu ya kachewere. A Belmiro anangopitiriza kusankha ngati sanamve. Anayankha ndi a Palmira.

"Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Watsala pang'ono kumaliza. Anzako adzakhala akugwira ntchito, ena ali pabanja, iwe udakali ndi mabuku kukhwapa. Ndiye ku Tete, kotentha kuja? Iwe wobadwira m'chisanu muno?"

"Amayi, ndingolembako mayeso. Mwina sindikhozanso."

"Ukamanena choncho ndiye kuti ukhoza," anatero amayi akewo mosakondwa.

Atakawauza ku Ulongwe, a Quintino anamumvetsera mpaka kumaliza, akusisita dazi lawo. Sanabise kuti zawapweteka. Anamuuza kuti ankaganiza zomutumiza ku bungwe lina lochulukitsa mbewu akamaliza, ndipo kuti ku Ulongwe ndiye anali patsogolo pa anzake, pamene ku medisina akakhala mmodzi mwa anthu ambiri anzeru.

"Koma lemba," anatero pomaliza. "Munthu wosankha asanaone njira zonse ziwiri amadandaula moyo wonse. Chokhacho, kachewere wanga asafe chifukwa cha mayeso ako."

Sanafe. Nilza ankapalira, kuyeza ndi kuyang'ana masamba m'mawa, masana n'kukhala pansi pa mtengo wa mapichesi m'mphepete mwa mundawo ndi mabuku a kimika. Mnzake wa m'kalasi, Tomás, ankamufunsa mafunso uku akudya chimanga chootcha, ndipo akayankha molondola ankamuponyera njere. Mu Janeyiro anatsikira ku Tete kukalemba. Atawoloka mlatho wa Zambezi anamva ngati wina wamufunditsa bulangete lonyowa ndi madzi otentha. M'chipinda cha mayeso thukuta linkadontha papepala, koma mafunso ankawaona ngati anthu odziwana nawo kale. Anatuluka akuimba.

Zotsatira zinamupeza ku Tsangano. Anali ataperekeza bambo ake kukagula adubu, feteleza wothira m'chimanga, ndipo poti kumeneko telefoni imagwira bwino, anaima pansi pa khonde la sitolo n'kutsegula tsamba la univesidadi. Linatenga nthawi kuti litseguke. Kenako dzina lake linaoneka, pambali pake palembedwa kuti admitida, kutanthauza kuti walandiridwa. Anawerenga kawiri. Anadutsa pakati pa msika akuthamanga, kulumpha milu ya kabichi, amayi ogulitsa akumukalipira, mpaka anakawapeza a Belmiro atasenza thumba paphewa.

"Atate, ndalowa. Medisina. Ndalowa."

A Belmiro anatula thumba lija pansi. Nkhope yawo inawala, anamugwira mapewa onse awiri n'kumugwedeza, akuseka mokweza moti anthu anacheuka. Koma chimwemwecho chitatsika pang'ono, onse awiri anakumbukira kuti tsopano nkhani yafika pa mwana wakana phala. Kulembetsa ku Tete kunali sabata yotsatira, ndipo sabata yomweyo chaka chachitatu chinali kuyamba ku Ulongwe.

Mawa lake Nilza anapita yekha kumunda woyesera mbewu uja. Kachewere anali atachita maluwa, oyera ndi ofiirira. Mizere ya mbewu yakale inali itayamba kuda ndi chiwawu, koma mizere iwiri ya mbewu yatsopano inali yobiriwira bii, yopanda banga. Chinthu chimene anachivutikira chinali kutheka pamaso pake. Anakhala pamzere n'kumva kuti akachoka adzausowadi malo amenewa, fungo la dothi lonyowa, ndi ntchito imene ankaidziwa kuti amaitha. Ku Tete sankadziwa ngati akaitha. Anadzifunsa kuti, wina akadzakumba kachewereyu, iye adzamva bwanji? Anaona kuti adzamva kansanje pang'ono, kenako adzakondwa. Nanga akadzamva kuti malo ake ku medisina atenga wina? Zimenezo ndiye anaona kuti sangazipirire, moti anaimirira.

Atafika kwawo anawapeza bambo ake akumwetsa ng'ombe kudambo.

"Wasankha?" anafunsa asanamuyang'ane.

"Ndikuopa kukukhumudwitsani, atate."

A Belmiro anayankha akuyang'ana ng'ombe zikumwa. "Ndinakhumudwa kale, zinatha. Ukudziwa chimene chinkandivuta? Za kachewere ndimatha kutsutsana nawe. Ukalakwitsa ndimaona. Uko ukupitako ine sindidziwako kanthu, sindidzatha kukuthandiza ngakhale pang'ono. Koma limenelo ndi vuto langa, si lako. Mapanga awiri avumbwitsa, mwanangu. Lowa limodzi."

"Ndikupita ku Tete."

"Ndiye tiye ukawauze wekha amayi ako. Ine ndiima kumbuyo kwako, patali ndithu."

A Palmira analira, anakalipa, kenako anayamba kukazinga nsawawa ndi kufunsa anthu ngati alipo wachibale ku Tete woti mwana akafikireko. Anapezeka msuweni wina ku Matundo. A Quintino anamuuza Nilza kuti asachoke asanamuonetse Tomás mzere uliwonse ndi mbiri yake, ndipo atatero anamugwira chanza mwamphamvu n'kumuuza kuti akalimbikire, asakawachititse manyazi anthu a zaulimi.

Chaka choyamba ku Tete chinamuphika. Anatuluka timatuza ta thukuta thupi lonse, ndipo ankagona pamkeka panja ndi ana a msuweni wake. M'kalasi anali wamkulu pa ambiri, moti ankamutchula kuti mana Nilza, kutanthauza achemwali. Kimika ankaphunzitsa anzake, koma anatomiya, phunziro la ziwalo za thupi, inamugwetsa pa mayeso oyamba, n'kuyamba kudzifunsa ngati sanalakwitse. Analimbikira, wachiwiri anakhoza. Tsiku limene anavala bata, chovala choyera chija, anadzijambula n'kutumiza chithunzi kwa a Anabela, amene anayankha kuti afulumire chifukwa pakhonde ku Furancungo anthu sakuchepa.

Atabwera kwawo pa tchuthi choyamba, anadzuka m'mawa kukuzizira bwino n'kupeza a Palmira atakhazika pampando mkulu wina woyandikana nawo nyumba, a António, atapinda buluku mpaka pantchafu.

"Bondo lawo likuwavuta," anatero amayi ake monyadira. "Ndawauza kuti adikire udzuke."

"Amayi, ine ndangophunzira mayina a mafupa basi. Mankhwala sindinayambe."

"Ndiye uwauze mayinawo."

Nilza anagwada, anagwira bondo lotupalo mosamala, n'kuwauza a António kuti kafupa kapatsogoloka dzina lake ndi rotula, ili la pansi ndi tibiya, ndipo kuti kutupa kotereku n'kofunika akakuone kuchipatala sabata yomweyo, asadikire kukolola. A António anabwereza mawu aja kangapo kuti asaiwale. Anatsitsa buluku lawo, anathokoza, n'kunyamuka akutsimphina, ndipo pa njira anamveka akuuza munthu wina kuti chimene chikuwapweteka chija ndi rotula. Lachitatu lake anakweradi mota kupita kuchipatala.

Pano Nilza ali m'chaka chachinayi, ndipo wayamba kulowa m'mawodi. Amadzuka kusanatenthe, amakwera shapa yowoloka mlatho ataika bata yake m'chikwama kuti isade, ndipo akafika pachipata amayenda mothamanga ngakhale asanachedwe.